Kasinja wa Anthu Awiri m'Galaja Mwanga

Anzanga amene tinkagwira nawo ntchito kumgodi zaka zija, ndalama zitawakwera m'mutu, ena anagula mabwato a injini, ena magalimoto aatali ngati minibasi, ena anamanga nyumba zosanja ku Lilongwe zomwe sanagonemo ndi kamodzi komwe. Ine ndinapanga kasinja. Inde, kasinja wankhondo, wamsinkhu wake weniweni, m'galaja ya nyumba ya lendi ku Perth. Musafulumire kuseka, museka kutsogoloku.

Inali nthawi imene miyala yachitsulo inali pamtengo, aliyense wodziwa kugwira sipanala akuitanidwa bwana. Ine ndinali injiniya woyang'anira makina pamgodi wina kumpoto, kutali kwambiri, kofika ndi ndege basi. Tinkakhalako masabata awiri, kenako sabata imodzi kunyumba. Mayi a ana anga anali namwino kuchipatala cha ku Murdoch. Tinali ndi ana awiri apulayimale, aja oti ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno.

Kumgodi ukaweruka kulibe kopita. Kuli kudya, kuli kugona, kuli fumbi lofiira lomwe limalowa mpaka mumswachi. Chakudya chinali chaulere, choti udye mmene ungathere, ndipo ine ndinatha ndithu, moti mimba inayamba kunditsogolera kulikonse. M'chipinda choonera wailesi yakanema munali buku lina lopanda chikuto limene anthu ankaikapo makapu. Tsiku lina ndinachotsa kapu ya munthu n'kulitsegula. Linali la akasinja akale a Angerezi, lodzaza zithunzi zosonyeza m'kati mwake ngati nkhuku yotumbula. Kapu ija ndikanaisiya pomwepo.

Munali akasinja okongola ambiri, koma mtima wanga unagwa pa wonyansa kuposa onse. Angerezi, nkhondo yachiwiri isanayambe, anagawa akasinja awo pawiri. Ena anali othamanga, oti azizungulira adani. Ena anali oyenda ndi asilikali apansi, kuwatchinjiriza pamene akuyandikira ngalande za adani. Wangayo anali wa gulu lachiwirili, woyambirira weniweni. Sanamupangire liwiro, poti munthu wosenza mfuti ndi chikwama sathamanga, ndiye kasinja athamangirenji? Munthu wapanjinga akanatha kumupitirira akuimba mluzu. M'malo mwa liwiro anamuveka chitsulo chochindikala kwambiri, choti mfuti zambiri za nthawi imeneyo zinkangogogoda ngati mlendo. Ndipo poti boma linkaumira, china chilichonse anachipanga motchipa: injini ya galimoto wamba, matcheni oyendera ali pamtunda opanda chophimba, mfuti imodzi yokha yachiwaya, ndi anthu awiri m'kati. Woyendetsa ankakhala pansi kutsogolo. Mkulu wake ankakhala kumbuyo kwake, m'kanyumba kapamwamba kozungulira kaja, komwe ine ndinkangokatcha mutu.

Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira. Mwina n'chifukwa choti anali wamfupi, wonenepa, wochedwa, koma wosamva kumenyedwa. Mayi a ana amati ndinadziona pagalasi.

Nditayeza pabukupo ndinapeza kuti kutalika kwake sikusiyana kwenikweni ndi galimoto yaikulu. Ndiye kuti akhoza kukwana m'galaja. Maganizo amenewa ndi amene amagwetsa anthu. Sabata yanga yopuma itafika ndinapita ku Kwinana, kumalo kogulitsa zitsulo zotha ntchito, n'kubwerako ndi ngolo yodzaza. Mafupa ake ndinawotcherera ndi zitsulo zamakona, khungu lake ndi malata okhuthala, matcheni ndi lamba wakale wonyamulira miyala. Mutu ndinadula thanki yakale yamadzi otentha, mfuti ndi paipi. Injini ndinati idzabwera pambuyo. Galimoto ya mayi a ana inayamba kugona panja, ndipo dzuwa la ku Perth mukulidziwa, chiwongolero ankachigwira ndi thaulo.

Ndinali wokhulupirika kwa Angerezi kuposa mmene iwo analili kwa ife. Chilichonse ndinakopera, ngakhale zolakwika zawo. Mwachitsanzo, kasinja ameneyu mfuti ikaloza kutsogolo imakhala pamwamba penipeni pa chivundikiro cha woyendetsa, moti woyendetsayo sangatuluke mpaka wapamwamba atatembenuza mutu. Injiniya wanzeru akanakonza. Ine ndinati ayi, mbiri ndi mbiri. Nzeru zanga ndinangowonjezera pamalo amodzi. Kumgodi anatiphunzitsa kuti chinthu chozungulira chizikhala ndi loko, ndiye ndinaika loko yodzigwera yokha mfuti ikaloza kutsogolo, yotsegula ndi kasipanala kopindika komwe ndinakapachika m'kati mwa mutumo. Ndinadzitamandira sabata yonse chifukwa cha loko imeneyo.

Mlendo aliyense wobwera pakhomo, kaya ndi wa kutchalitchi, kaya ndi mwana wasukulu wa ku Zambia wongofuna chakudya chakumudzi, ankayamba wadzera kugalaja. Ndinali ndi ulaliki wanga, woloweza ngati katekisimu, wonena za kupusa kwa amene anajambula kasinjayu. Ndinkauyamba ndi kumenya mutu wa kasinja ndi chikhatho kuti phaa. Anthu ankagwedeza mitu, maso ali kukhitchini. Mayi a ana ankaumva ulalikiwo kudzera pachitseko chapakati, chifukwa galaja yathu inkatsegukira kukhitchini. Anaumva kambirimbiri, ndipo sanayankhepo kanthu.

Kunena zoona, ankalankhula ndithu, koma za zina. Ankati ana akufunika kuwatenga kusukulu, ndinkati ndikubwera. Ankati atopa, ndinkati pumulani, ngati kupuma amatola pansi. Ine m'mutu mwanga nkhani inali yomveka bwino: ndimavutika m'fumbi masabata awiri, sindimwa, sindiyenda ndi akazi, sindipita kwina kulikonse, ndili pompano m'galaja. Mwamuna wabwino kuposa pamenepa mukamupeza kuti? Funso limeneli ndinkalifunsa mokweza ndithu, chipewa chowotcherera chili kumaso.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nditatsika ndege tsiku lina mu Januwale, ndinapeza sutikesi yaikulu yabuluu itaima pafupi ndi chitseko chapakati chija, yodzaza, zipi yotseka. Mayi a ana anandiuza modekha, uku akusita yunifolomu, kuti mnzawo wa kuntchito ali ndi zipinda ziwiri pafupi ndi chipatala, ndipo iwo ndi ana asamukira kumeneko Loweruka madzulo. Anati sakuthawa ngati wakuba, aitana ankhoswe kuti abwere Loweruka lomwelo masana, amve, kenako iwo azipita. Ndinaseka. Kenako ndinayang'ana mmene ankayendetsera simbi pakolala, pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Ndinaopa, abale. Mkazi ameneyu ndinkamukonda, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti nyumba ingakhale popanda iye.

Ankhoswe athu enieni anali ku Malawi, wina ku Mchinji wina ku Dedza, ndipo mlandu wa banja sukambidwa pafoni yoduladula. Ndiye kuno tinali ndi chizolowezi chobwereka. Banja likafika kumene, akuluakulu a kutchalitchi ankalipatsa anthu awiri oti aziimira abale. Ine anandipatsa amalume obwereka, katswiri wa miyala, bambo wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anabwera ku Perth tonsefe tisanadziwe kuti kuli Perth. Mayi a ana anawapatsa azakhali obwereka, namwino wopuma ntchito, wa mawondo ovuta ndi lilime lakuthwa. Chibale chinali chobwereka, koma akakudzudzula ululu wake unali weniweni.

Loweruka ana tinawapititsa kwa anzawo, poti ana samva milandu ya makolo. Kunatentha tsiku limenelo, kutentha koti phula limamata ku nsapato. Azakhali anafika n'kulowa kuchipinda ndi mayi a ana. Amalume anafika nthawi isanakwane, chinthu chimene Mmalawi sachita pokhapokha tsoka likamuyendetsa. Anati tiyambe takambirana awiri, amve mbali yanga. Ndinati pabalaza makoma ndi opyapyala, tiyeni kugalaja.

Nditakweza chitseko chachikulu, amalume anaima chilili. Anali atamva kuti kuli chinthu, koma ankayesa ndi kachidole kapatebulo. Anazungulira kasinja kawiri, akugogoda, akusuzumira pansi, n'kufunsa kuti matcheniwa bwanji ali pamtunda chonchi, mdani sangawadule? Ha! Munthu woyamba m'zaka zonsezo kundifunsa funso lanzeru. Mlandu ndinaiwala. Ndinafotokoza za kuumira kwa boma, za liwiro la munthu wapansi, za chitsulo chochindikala. Amalume anavula jekete. Anati mphwanga, ichi si chinthu chamasewera, akazi sangamvetse. Ndinamva kukoma mpaka m'mafupa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Anafuna kuona mmene woyendetsa amaonera panja. Mutu unali utaloza kumbali monga ndinkausiyira nthawi zonse, ndiye ndinatsegula chivundikiro, n'kudzipanikiza kulowa, mimba ikudandaula, n'kudzitsekera. M'katimo mumaona dziko pa kampata kopyapyala ngati pakamwa pa bokosi la makalata. Ndinkafuula kufotokoza zimenezi pamene ndinamva amalume akuti chithunzi chikoma mfuti italoza kutsogolo. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva mutu ukuzungulira pamwamba panga, kenako kaphokoso kakang'ono, koyera bwino, ka loko yopangidwa ndi katswiri. Kha.

Ndinakankha chivundikiro. Chinakwera pang'ono n'kugunda paipi. Ndinakankhanso, ngati kuti chitsulo chimasintha maganizo.

Ndinawauza amalume, mwaulemu wonse umene ndikanaupeza, kuti akwere pamwamba, alowe m'mutumo, atenge kasipanala kopachika kudzanja lamanja. Anakwera akupuma ngati ng'ombe. Miyendo inalowa, ntchafu zinalowa, pamimba nkhani inathera pomwepo. Angerezi anayeza khomo limenelo pa anyamata owonda a nthawi ya njala, osati pa akatswiri a miyala a nthawi ya chuma. Anayesa kulowetsa mkono okha, sunafike. Ine ndinayesa kukwawira chakumbuyo kuti ndidzere pa mpata wapakati, koma mpatawo unali wa anyamata omwewo. Ndinabwerera pampando nditasupuka pamsana.

Amalume anati aitane ozimitsa moto. Ndinati bola kufa. Tangoganizani, galimoto yofiira ikulira mumsewu wathu, azungu oyandikana nafe atatuluka ndi agalu awo, apolisi akubwera kudzafunsa kuti munthu wakuda uyu ali ndi kasinja chifukwa chiyani. Anati nanga adule paipiyo ndi chopala zitsulo. Ndinakana ndi mawu amene sayenera kunenedwa kwa malume, ngakhale obwereka. Thukuta linali litayamba kulowa m'maso. M'bokosi lachitsulo mu Januwale munthu umamva mmene mbatata imamvera.

Kenako ndinamva mapazi a amalume akulowera kukhitchini, mapazi a munthu wokanena maliro.

Azakhali ndi amene anayamba kutulukira. Anafunsa kuti mwamuna uja ali kuti. Amalume analoza. Ine pa kampata kaja ndinapereka moni, ndinati mwaswera bwanji azakhali. Azakhaliwo anaseka mpaka mawondo anawakana, anakhala pa chidebe cha penti, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati pa milandu yonse imene aweruza, aka kanali koyamba kupeza wolakwa atadzitsekera yekha m'ndende yomanga yekha. Mayi a ana sanaseke. Amalume atawafotokozera za kasipanala, anayang'ana kasinja kuyambira pansi mpaka pamwamba, anavula nsapato, anamangitsa chitenje, n'kukwera. Anali asanamukhudzepo ndi chala chomwe chiyambire. Analowa mosavuta ngati anawayeza telala.

Ndinamva mapazi awo akutera kumbuyo kwa mapewa anga. Ndinati zikomo mayi, kasipanala kali kumanjako, mulowetse pa bawuti yofiira, mupotoze. Ndinamva akukachotsa pa msomali. Koma pa bawuti sanakalowetse.

"Azakhali," anatero mayi a ana, mawu awo akumveka ngati a mumgolo, "mlandu uja tikambira pompano. Aka n'koyamba kuwapeza bambowa atakhala pansi opanda chogwira m'manja."

Azakhali anavomera msangamsanga, n'kutuma amalume kukatenga mipando. Amalume, amene anabwera kudzandiimira, anapita ngati mwana wotumidwa mchere. Pa kampata kanga ndinkangoona zinthu ziwiri: mawondo a amalume, ndi kuseri kwawo, pachitseko chotsegula cha kukhitchini, sutikesi yabuluu.

Ndinakonzeka kumva mndandanda wa machimo anga, ndipo mayankho ndinali nawo kale, poti ndinawakonza usiku wonse. Koma mayi a ana sanayambire kumeneko.

"Bambo, tanenani zija mumauza alendo. Za munthu wokhala pamene ndakhala inepa."

Ndinati ino si nthawi yake. Anati nthawi ilipo yambiri, iwo sakutentha kwenikweni, kumwambaku kukudutsa kamphepo. Azakhali anati nenani bambo, ife sitinamveko. Ndiye ndinanena. Ndinayamba monyinyirika, koma ulaliki woloweza uli ngati njinga pamtsetse.

"Cholakwika chachikulu cha kasinja ameneyu," ndinatero, "si kuchedwa, si mfuti yaing'ono. Ndi munthu wapamwambayo. Yekhayekha aziyang'ana kumene adani ali, yekha aziuza woyendetsa kopita, yekha aziwombera, yekha aziika zipolopolo. Wailesi anaiika pansi kumbuyo, ndiye akafuna kulankhula ndi anzake azichita kugona chafufumimba, ndipo nthawi imeneyo palibe akuyang'ana panja. Woyendetsa ali phee pansi, akuona kampata kake basi, akuyesa zonse zili bwino. Amene anajambula zimenezi sanakhalemo. Munthu mmodzi sangachite zonsezo, ngakhale atakhala wolimba bwanji. Amatopa, kenako amalakwitsa, kenako..."

Pamenepo pamayenera kubwera kumenya kwa chikhatho kachiwiri, ndi mawu oti kenako onse awiri amapsera momwemo. Sindinawanene. M'galaja munangomveka amalume akukonza pakhosi, ndi thukuta langa likudontha pa lata.

Kenako mayi a ana analankhula, osakweza mawu, ngati akupereka lipoti la wodwala kwa mnzawo wolowa shifiti. Ananena za tsiku lina miyezi ingapo m'mbuyomo, ine ndili pa sabata yopuma. Anaweruka atatopa, anakatenga ana kusukulu, ndipo pamaloboti ena a msewu waukulu anagona. Anagona ndithu, phazi lili pa buleki, ana ali kumbuyo. Anadzidzimuka ndi mahutala, galimoto itayamba kale kuseseleka kulowa pamphambano, lole ikudutsa kutsogolo kwawo. Atafika kunyumba anaima pachitseko chapakatichi n'kundiuza. Akuti ine ndinakweza chipewa chowotcherera, ndinati pepani kwambiri mayi, ndikubwera, ndingomaliza apa chitsulo chisanazizire.

Ndinafufuza m'mutu monse, tsiku limenelo sindinalipeze. Ndinkakumbukira bwino lomwe chitsulo chimene ndinkawotcherera mwezi umenewo, chinali chogwirira mawilo akumanzere. Koma mkazi wanga ataima pachitseko akundiuza zimenezi, ayi. Zimenezo ndi zimene zinandiswa mtima. Ndinalira, ndipo ndikuthokoza kuti m'kasinja munthu saoneka, ngakhale kuti bokosi lachitsulo limakuza phokoso la mamina kuposa mmene mungaganizire.

"Nanga Angerezi anuwo anatani?" anafunsa mayi a ana.

Ndinati anapanga wina wamkulupo, wa anthu anayi, atatu m'mutumo, aliyense ndi ntchito yake. Ndinati koma oyambawa ambiri anakathera kunkhondo kutsidya la nyanja, anawasiya komweko.

"Ine sindidikira kuti andisiye kutsidya la nyanja," anatero.

Amalume anaona kuti mpata wawo wafika. Anayamba zoti banja ndi kupirira, zoti mphwawo samwa, sayenda, ndipo kunena zoona kasinjayu ndi ntchito yaluso. Azakhali anawafunsa ngati akufuna nawonso alowetsedwe penapake. Ulaliki wa amalume unathera pomwepo.

Ndinalankhula ndili chogwada m'bokosi langa. Mayankho anga aja onse anali atasungunuka. Ndinati ndisiya za kumgodi, ndifuna ntchito ku Kwinana, kumafakitale, yoti ndizigona pakhomo tsiku lililonse, ana ndizikawatenga ine. Amalume anatsokomola, poti ankadziwa kusiyana kwa malipiro ake, ndipo nthawi imeneyo munthu wosiya mgodi ankamuyesa wodwala mutu. Ndinati ndikudziwa. Ndinati kasinjayu ndimudula mawa lomwe, akabwerere ku Kwinana kumene anachokera. Ndinati musapite, mayi. Mawu amenewa ndinawanena kawiri, kachiwiriko sanatuluke bwino.

Ndinangomva kasipanala kakulowa pa bawuti, loko ikudzuka, mutu ukuzungulira pang'onopang'ono. Ndinakankha chivundikiro, kuwala kunandimenya m'maso. Ndinatuluka ngati mbewa yofukulidwa, malaya atamata pathupi, amalume akundikoka m'khwapa. Ndinamwa madzi botolo lonse. Kenako tonse atatu tinayang'ana pamwamba kudikira kuti mayi a ana atuluke.

Sanatuluke. Anangotulutsa mutu, n'kunena kuti alendo sanamwe kanthu chifikire, bambo awakonzere tiyi. Anati iwo akhalamo kaye pang'ono, muno mulibe amene akuwaitana. Mutu unabwerera m'kati.

Ndinakonza tiyi. Ndinatsegula makabati onse m'khitchini ya nyumba yanga yomwe ndisanapeze masamba, azakhali akundiyang'ana ngati mayeso. Kamphepo ka kunyanja kaja kamene kamabwera masana kanayamba kulowa m'galaja. Nditapita kukasuzumira, ndinapeza mayi a ana atapinda miyendo pa kampando ka mkulu wa asilikali, mutu atatsamira pa paipi, ali m'tulo tofa nato, kasipanala kali m'manja. Ndinatenga fani ya kuchipinda, ndinaiika pa makwerero kuti izipemerera pakhomo la mutuwo, n'kubwerera m'nyumba chonyang'ama. Ankhoswe anatsanzika monong'ona. Ana ndinakawatenga ine, ndinasochera kawiri.

Atadzuka dzuwa litapendeka, ndinathamangira kunyamula sutikesi kuti ndiibwezere kuchipinda. Anati ndiisiye pomwepo. Anati sanati akhala, angoti sapita lero. Za kudula kasinja anakana, anati chinthu chadya zaka za banja lawo sichingangotayidwa, ndipo ndi malo okhawo pakhomopo amene ana saganiza zokawafunako.

Sutikesi ija inaima pachitsekopo nthawi yaitali. Ntchito ya ku Kwinana sinapezeke msanga, ndinapitabe kumgodi maulendo angapo, ndipo ulendo uliwonse ndikamatsika takisi ndinkayamba kusuzumira pawindo la khitchini kuona ngati buluu uja alipo. Ntchito itapezeka ndinaphunzira kukolopa mozungulira sutikesi, kuphika mozungulira sutikesi, kudziwa kuti mwana wamng'ono sadya nthochi yakuda ndipo wamkulu amanama za homuweki. Anzanga a kumgodi ankandiimbira kundifunsa ngati ndadyetsedwa. Injini ya kasinja sinabwere, ndipo sinadzabwerenso. Mayi a ana akaweruka atatopa ankavula nsapato, kutenga pilo, n'kukwera. Ana ankadziwa kuti amayi akakhala m'kasinja mafunso onse amapita kwa adadi.

Tsiku lina, nyengo yozizira itadutsa, ndinabwera kuntchito n'kupeza pachitseko palibe kanthu. Pansi panali chizindikiro cha makona anayi pamene matailosi sanaone dzuwa. Ndinaitana m'nyumba monse ngati wamisala, mpaka ndinawapeza kuseri akuyanika zovala, akundiyang'ana modabwa. Ndinafunsa za sutikesi. Analoza kugalaja ndi chibwano.

Ndinasuzumira pa kampata ka woyendetsa. Inali mmenemo, pampando wanga, itaima bwinobwino. Chivundikiro chinali chotseka, mfuti italoza kutsogolo, loko itagwa. Pa msomali m'mutu muja panalibe kanthu.

Kasipanala kaja kali m'chikwama chawo cha m'manja mpaka lero, pamodzi ndi makiyi a galimoto. Tinasamuka nyumba kamodzi, kasinja anakwera lole chitsekere, oyandikana nafe akujambula. Ine ndine injiniya, kasipanala ngati kameneko ndikhoza kupanga kena tiyi asanazizire. Sindinayesepo, ndipo sindinawafunsepo ngati m'sutikesimo zovala zikadalimo.